ERIYO YA KANEMA YOPANGA TOKHA

Anzanga pamodzi ndi aphunzitsi athu olemekezeka, m'magazini ya chaka chino ndafuna kuti tikambirane za chinthu chimene tonsefe timachiona tsiku ndi tsiku, koma ndi owerengeka amene amaima ndi kufunsa za icho. Chinthucho ndicho eriyo ya wailesi yakanema. Mukamayenda ku Chinamwali, ku Matawale, ku Sadzi kapena ku Chikanda, kwezani maso muone pamwamba pa nyumba. Mudzaona nsungwi ndi mitengo ya bulugamu itanyamula tizitsulo ta maonekedwe osiyanasiyana. Tina ndi togula m'sitolo, tina anapanga ndi amisiri a kumsika, ndipo tina eni nyumba anapanga okha ndi waya wopachikira zovala, masipoko a njinga, ngakhale zivundikiro za mapoto. Ena mwa maeriyo amenewa amagwira ntchito bwino ndithu, koma ena amangokongoletsa denga. Tsono funso langa ndi ili: kusiyanaku kumachokera kuti?

Ndamva mayankho ambiri. Ena amati ndi mwayi chabe. Ena amati eriyo ikakula ndiye kuti ikoka kwambiri. Enanso amati chofunika ndi waya wonyezimira. Koma ine, nditawerenga ndi kuyesa pamodzi ndi anzanga a m'kalabu ya sayansi, ndinena kuti chinsinsi chagona pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi muyeso, ndipo muyesowo masiku ano tingathe kuupeza pa kompyuta tisanadule waya ndi mmodzi yemwe. Chachiwiri ndi malo, ndipo kwa ife a ku Zomba malo athu ali ndi mwini wake, ndiye phiri. Nkhaniyi si yamasewera ayi, pakuti makolo athu amataya ndalama kugula eriyo ina pamwamba pa inzake, ndipo ena amaika moyo wawo pachiswe pokwera padenga nthawi ya dzinja.

Kumene kanema wathu wachokera

Wailesi yakanema inafika mochedwa m'dziko muno. John Logie Baird anaonetsa zithunzi zoyenda pa makina ake ku London m'chaka cha 1926, koma ife tinadikira zaka zoposa 70. Wailesi ya MBC inayamba mu 1964, chaka cha ufulu wathu, koma inali ya mawu okhaokha, ndipo m'nthawi yonse ya ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda dziko lino linalibe nyumba youlutsira zithunzi. Television Malawi inatsegulidwa pa 1 Epulo 1999, ndipo pambuyo pake inaphatikizidwa ndi MBC.

Kaulutsidwe ka masiku amenewo kanali kachikale, kotchedwa analogi. Mafunde akafooka, chithunzi chinkadzaza timadontho ngati mchenga, koma munthu wopirira ankaonabe mpira wake mpaka kutha. M'chaka cha 2006 maiko a mu Africa ndi a ku Ulaya anagwirizana ku Geneva kuti asiye njira imeneyi natenge njira ya dijito, ndipo anaika tsiku la 17 Juni 2015 ngati malire. Dziko lathu linasankha njira yotchedwa DVB-T2, ndipo kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited inabweretsa dikoda ya Kiliye Kiliye. Dikoda yotere siifuna mbale yoloza kumwamba. Imalandira mafunde ochokera pa milongoti ya pansi pompano, ndipo popanda eriyo yabwino iri ngati munthu wodziwa kuwerenga amene sanalandire kalata.

Njira ya dijito iri ndi khalidwe lake. Siidziwa zapakatikati. Mafunde akakwanira chithunzi chimaoneka choyera bwino. Akaperewera pang'ono pokha chimaduka timabokosi, chimaima, kenaka chimazimirira. Chifukwa chake kupindula pang'ono kumene eriyo yoyezedwa bwino imapereka ndiko kumasiyanitsa nyumba yoonera nkhani ndi nyumba yoonera mdima.

Mafunde ndi utali wake

Kuti timvetse muyeso, tiyambe ndi mafunde. James Clerk Maxwell anasonyeza ndi masamu mu 1865 kuti mphamvu ya magetsi ndi ya maginito ingathe kuyenda m'malere ngati mafunde, ndipo Heinrich Hertz anawapanga nawayesa m'chipinda chake ku Germany m'zaka za 1887 ndi 1888. Mafunde amenewa amathamanga ngati kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Amene anaponyapo mwala m'damu la Mulunguzi anaona mizere ya madzi ikutsatana. Mtunda wochokera pa msana wa mzere umodzi kufika pa msana wa unzake ndiwo utali wa funde, ndipo kuchuluka kwa mizere yodutsa pa malo amodzi m'sekondi imodzi ndiko kuwirikiza kwake. Kuwirikizaku timakuyesa ndi MHz, ndipo MHz imodzi ndi mafunde 1,000,000 pa sekondi.

Lamulo lake ndi losavuta, ngakhale wa Fomu 1 angalithe. Tengani 300, mugawe ndi chiwerengero cha MHz, ndipo yankho ndi utali wa funde m'mamita. Kanema wa dijito amayenda m'gawo lotchedwa UHF, limene m'maiko a mbali yathu ino lagawidwa m'matchanelo a MHz 8 iliyonse. Tchanelo 21 imayambira pa 470 MHz, ndipo tchanelo 48 imathera pa 694 MHz. Chotero funde lalitali koposa ndi la masentimita 64, lalifupi koposa ndi la masentimita 43, ndipo pa 600 MHz funde liri masentimita 50 ndendende.

Nanga izi zikukhudzana bwanji ndi waya? Taganizani za mangolongondo. Mtengo uliwonse wa mangolongondo uli ndi liwu lake molingana ndi msinkhu wake. Wautali umalira mozama, waufupi umalira mokweza, ndipo mmisiri akausema mopitirira, liwu limasokera. Waya nayenso ali chimodzimodzi. Funde likamukhudza, magetsi ochepa kwambiri amayamba kuyenda uku ndi uku m'kati mwake, ndipo magetsiwo amakula koposa pamene utali wa waya uli pafupifupi theka la utali wa funde. Waya wotere, wodulidwa pakati kuti chingwe cha kanema chilumikizidwepo, a sayansi amamutcha dipole. Ife timutche kandodo kolandira. Pa 600 MHz theka la funde ndi masentimita 25, koma chifukwa cha kunenepa kwa waya ndi zimene zimachitika kunsonga kwake timachotsako pang'ono, natsala masentimita 23 kapena 23.5. Apa mwaona kale kuti eriyo yaikulu siiposa yaing'ono chifukwa cha kukula kokha. Ndodo ya mita yathunthu iri ngati mtengo wa mangolongondo wosemedwera nyimbo ina.

Nzeru ya Uda ndi Yagi

Kandodo kolandira kakakhala kokha kamamva kutsogolo ndi kumbuyo mofanana, ndipo mphamvu yake ndi yochepa. M'chaka cha 1926, pa yunivesite ya Tohoku mu mzinda wa Sendai ku Japan, Shintaro Uda ndi mphunzitsi wake Hidetsugu Yagi anapeza njira yokathandizira. Anaika kandodo kena kotalikirapo kumbuyo, ndi tina tofupikirapo kutsogolo, tonse pa mzere umodzi ngati minga ya nsomba. Chodabwitsa ndi chakuti tindodo towonjezerati sitilumikizidwa ku chingwe konse. Funde likatikhudza, nato timagwidwa magetsi, kenaka timatulutsanso funde lathulathu. Ngati utali ndi mipata ziri zoyenera, mafunde onsewa amafika pa kandodo kolandira nthawi imodzi nawonjezerana mphamvu, monga anthu osinja mu mtondo umodzi amene misi yawo siigundana. Kakumbuyo kaja timakatcha kobweza, takutsogolo timatitcha totsogolera. Ngati muyeso walakwika, mafundewo amafika mosemphana nafafanizana, ndipo eriyo ya tindodo khumi ingathe kugonja kwa eriyo ya kandodo kamodzi.

Yagi analemba za ntchitoyi m'Chingerezi mu 1928, ndipo chifukwa chake dzina lake ndilo linatchuka, la Uda nkumaiwalika. Anthu akunja anaigwiritsa ntchito msanga kuposa eni ake. Asilikali a Japan atalanda Singapore mu 1942 anapeza zolemba za makina a radar a Angerezi ziri ndi liwu lakuti Yagi, osazindikira poyamba kuti ndi dzina la munthu wa kwawo.

Vuto la eriyo ya mtundu umenewu ndi lakuti kandodo kalikonse kamakhudza tinzake tonse. Ukafupikitsa kamodzi, khalidwe la eriyo yonse limasintha. Kale amisiri analibe njira ina koma kudula, kuyesa, kulemba ndi kudulanso. Peter Viezbicke wa ku National Bureau of Standards ku America anachita ntchito yotopetsa imeneyi, ndipo miyeso yake inasindikizidwa mu 1976. Umodzi mwa miyesoyo, tikautembenuzira ku 600 MHz ndi waya wonenepa mamilimita 4, uli motere: kobweza masentimita 24, totsogolera titatu masentimita 21.4, 21.2 ndi 21.4, mpata pakati pa kandodo ndi kanzake masentimita 10. Eriyo imeneyi, yotalika masentimita 40 okha, imasonkhanitsa mphamvu pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa kandodo kolandira kali kokha. Onani kuti kusiyana kwa totsogolerato ndi mamilimita awiri basi. Ndi ntchito ya rula, si ya maso.

Kuyesa eriyo m'kati mwa kompyuta

Ntchito imene kale inkadya miyezi, lero kompyuta imaitha munthu asanameze malovu. Njira yake inafotokozedwa bwino ndi Roger Harrington mu 1968, ndipo m'zaka za m'ma 1970 Gerald Burke ndi Andrew Poggio a ku Lawrence Livermore ku California analemba pulogalamu yotchedwa Numerical Electromagnetics Code, mwachidule NEC. Mtundu wake wachiwiri, NEC-2, unatuluka mu 1981 ndipo aliyense ndi womasuka kuugwiritsa ntchito. Arie Voors wa ku Netherlands anauveka nkhope yosavuta nautcha 4nec2; Makoto Mori wa ku Japan analemba ina yofanana nayo yotchedwa MMANA. Zonsezi ndi zaulere, ndi zazing'ono, ndipo zimayenda bwino ngakhale pa kompyuta yokalamba.

Kagwiridwe kake ka ntchito ndi aka. Choyamba umaifotokozera kompyuta maonekedwe a eriyo. Suijambulira chithunzi ayi, koma umaipatsa manambala: pamene waya aliyense wayambira, pamene wathera, ndi kunenepa kwake. Malowa amalembedwa ndi x, y ndi z, monga momwe timachitira pojambula magirafu m'kalasi la masamu. Mzere uliwonse wa malangizo mpaka lero umatchedwa khadi, chifukwa makompyuta akale ankawerenga makadi obooledwa. Kenaka umanena kuti waya aliyense agawidwe m'tizidutswa tingati. Lamulo ndi lakuti kachidutswa kasapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a funde, ndiye kuti pa 600 MHz kasafike masentimita 5. Kandodo kolandira timakagawa m'tizidutswa tosagawika pawiri, monga 11, kuti pakhale kachidutswa kapakati penipeni polumikiza chingwe. Pomaliza umatchula kuwirikiza kwa mafunde kumene ufuna.

Tsono kompyuta imafunsa funso limodzi pa kachidutswa kalikonse: kodi muno mukuyenda magetsi ochuluka bwanji? Yankho la kachidutswa kamodzi limadalira mayankho a tinzake tonse. Anzanga a Fomu 2 amadandaula akapatsidwa masamu a zosadziwika ziwiri, x ndi y, zoti zipezedwe nthawi imodzi. Eriyo ya tindodo tisanu, kalikonse kogawidwa pa 11, iri ndi zosadziwika 55, ndipo kukhudzana kwa tizidutswato kumafuna manambala 55 kuchulukitsa ndi 55, ndiwo 3,025. Masamu ake ndi omwewo a m'kalasi mwathu. Kusiyana kwake ndi kwakuti kompyuta siitopa ndipo siiphonya.

Ikatha kuwerengera imapereka zinthu zitatu zofunika. Choyamba ndi chithunzi chosonyeza mbali zimene eriyo imamva. Cha eriyo yabwino chimaoneka ngati chipande: mutu waukulu kutsogolo, kamchira kakang'ono kumbuyo. Chachiwiri ndi phindu, loyesedwa ndi dB. Kumbukirani kuti dB 3 ndi kuwirikiza mphamvu kawiri, ndipo dB 10 ndi kuwirikiza kakhumi. Chachitatu ndi kugwirizana kwa eriyo ndi chingwe, koyesedwa ndi ma ohm. Chingwe cha kanema ndi cha ma ohm 75. Kandodo kolandira kali kokha kali ndi ma ohm pafupifupi 73, ndipo ziwirizi zimamvana bwino; koma tikakaikira tinzake pafupi, chiwerengero chake chimatsika kwambiri. Zikatero zimakhala ngati kulumikiza paipi yaikulu ku yaing'ono: madzi ena amabwerera. Mankhwala ake ndiwo kupinda kandodoko kuti kakhale ngati lupu losalala la mawaya awiri oyandikana, pakuti kupindako kumakweza ma ohm kanayi. Ndicho chifukwa chake maeriyo ambiri a m'sitolo ali ndi kandodo kopindika pakati pa towongoka.

Ubwino waukulu ndi wakuti pa kompyuta munthu angathe kufunsa kuti, "Nanga nditati?" popanda kuwononga kanthu. Ife tinayesa eriyo ya tindodo tisanu ija pa matchanelo onse motsatana, ndipo tinaona chinthu chimene maso sangaone padenga. Ukatsika pansi pa 600 MHz phindu limachepa pang'onopang'ono, koma ukakwera pamwamba pake limagwa msanga ngati munthu woterereka pa thanthwe. Chifukwa chake ndi chakuti funde likafupika, totsogolera tija timasanduka tatitali kwa ilo, ndipo timayamba kubweza m'malo motsogolera. Phunziro lake ndi ili: ngati mufuna matchanelo angapo, dulirani eriyo yanu tchanelo ya pamwamba koposa.

Pulogalamu ya 4nec2 ingathenso kudzisinthira miyeso yokha kambirimbiri kufikira itapeza yopambana. Mwa njira yotere anthu okonda ntchitoyi ku Canada anaukitsa mu 2008 eriyo ya waya wokhotakhota imene Doyt Hoverman anailembetsa mu 1959, naiwongola kuti izimva matchanelo ambiri. Lero imatchedwa Gray-Hoverman. Palinso mtundu wina wooneka ngati mapiko a gulugufe, wokhala ndi waya wa khola la nkhuku kumbuyo kwake. Mitundu iwiriyi ndi yokhululuka: munthu akaphonya ndi mamilimita angapo siikwiya ngati ya Yagi.

Chimene kompyuta siichidziwa

Koma tsono tisanyengedwe. Pulogalamu ya NEC imaganiza kuti eriyo yapachikidwa m'malere mopanda kanthu, kapena pamwamba pa nthaka yosalala ngati tebulo. Siinamvepo za Zomba. Tauni yathu yakhala pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nsonga ya Malumbe pa phiri imapitirira mamita 2,000. Ndiye kuti kumpoto kwathu kwaima khoma la mwala lotalika kupitirira kilomita yathunthu.

Mafunde a UHF ali ndi khalidwe longa la kuwala. Amayenda mowongoka, ndipo phiri likawatchinga kuseri kwake kumakhala mthunzi. Ndicho chifukwa chake milongoti youlutsira imamangidwa pamwamba pa mapiri, monga pa Mpingwe ku Limbe. Pali lamulo lina lothandiza: mtunda umene mafunde angafike asanabisidwe ndi kupindika kwa dziko ndi makilomita pafupifupi 4 kuchulukitsa ndi sikweya ruti ya msinkhu m'mamita. Nsungwi ya mamita 9 pa chigwa imaona makilomita 12 okha, koma mlongoti woima mamita 900 pamwamba pa chigwa umaona makilomita 120. Amene anafikapo pa Emperor's View, pamene anaima mfumu Haile Selassie mu 1965, adzavomereza: tsiku lopanda nkhungu munthu amaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje, ndipo kumene diso lafika mafunde nawonso amafika.

Chotero phiri limodzi lomweli ndi bwenzi ndiponso mdani. Wokhala poyera ku chigwa angathe kulandira bwino ali kutali, pamene wokhala m'munsi mwenimweni mwa thanthwe, kapena m'khwawa la Mulunguzi kapena la Likangala, akuvutika ali pafupi. Mafunde amapindirako pang'ono pa msana wa phiri, koma amafika mu mthunzimo atafooka kwambiri. Mitengo nayo imadya mphamvu, makamaka masamba akanyowa, ndipo ichi ndicho chifukwa eriyo imene inkagwira bwino m'chilimwe imayamba kuvuta mvula ikagwa.

Phiri limabwezanso mafunde, monga mawu amabwerera munthu akafuula pafupi ndi thanthwe. M'masiku a analogi funde lobwerera linkafika mochedwa pang'ono ndipo linkajambula munthu wachiwiri wotuwa pambali pa woyamba, ngati mzukwa. Njira ya DVB-T2 inakonzedwa kuti izipirira kuchedwa kotere. Chifukwa chake munthu wa mu mthunzi asataye mtima: nthawi zina eriyo ikalozetsedwa ku phiri kapena ku chitunda china, m'malo moloza kumene kuli mlongoti, imatola funde lobwerera lokwanira bwino. Denga la malata nalonso limabweza mafunde, ndipo lobwerera likakumana ndi lobwera, pena amawonjezerana, pena amafafanizana. Popeza funde ndi la theka la mita basi, kukweza kapena kusuntha eriyo ndi masentimita 20 kungasinthe zonse.

Pa za mapiri palinso thandizo lina la kompyuta. M'mwezi wa Febuluwale 2000 chombo cha Endeavour chinayeza msinkhu wa nthaka ya mbali yaikulu ya dziko lapansi, ndipo Zomba ali momwemo. Pulogalamu yaulere ya Radio Mobile, yolembedwa ndi Roger Coudé wa ku Canada, imatenga miyeso imeneyi nijambula mapiri ndi zigwa zonse ziri pakati pa mlongoti ndi nyumba yako. Komabe ngakhale iyo siidziwa mtengo wa mango wa kuseri kwa khitchini. Mawu otsiriza amanenedwa pabwalo.

Kapangidwe kake

Wofuna kuyesa achite motere. Ayambe watsegula dikoda pa tsamba lofufuzira matchanelo, pamene imasonyeza MHz kapena nambala ya tchanelo, pamodzi ndi mizere iwiri ya mphamvu ndi ya ubwino wa mafunde. Ngati yasonyeza nambala yokha, achulukitse nambalayo ndi 8 nawonjezere 306. Tchanelo 37 ndi 602 MHz. Mwayi wathu ndi wakuti mu dijito mawailesi ambiri amakwera pa tchanelo imodzi ngati anthu m'basi, chotero eriyo yodulira tchanelo imodziyo imabweretsa onse. Ngati tchanelo yanu siiri pa 600 MHz, chulukitsani miyeso yonse ija ndi 600, mugawe ndi MHz yanu. Pa 500 MHz kandodo kalikonse ndi mpata uliwonse zimakula ndi 1.2.

Msana wa eriyo ukhale wa thabwa louma kapena paipi ya pulasitiki, pakuti msana wachitsulo umasintha miyeso. Tindodo tikhale ta kopa kapena aluminiyamu. Waya wachitsulo amagwira ntchito, koma dzimbiri limamudya msanga kuno kwathu kwa mvula yambiri. Waya wogula kapena wotsala pa ntchito ndiye woyenera. Wodula pa mizere ya magetsi kapena ya mafoni ndi wakuba, ndipo wapha anthu. Mtima wa chingwe ulumikizidwe ku mbali imodzi ya kandodo kolandira, ukonde wake wakunja ku mbali inayo, osakhudzana. Kachipangizo kotchedwa balun, kakapezeka koyenerana ndi ma ohm a eriyo yanu, kamakonza malumikizidwewa bwino koposa. Polumikizapo pakutidwe bwino kuti madzi asalowe, chifukwa chingwe chikamwa madzi chimatha ntchito. Chingwecho chisatalike mopanda chifukwa: mamita 20 a chingwe wamba amadya pafupifupi theka la mphamvu yonse imene mwavutikira.

Pokweza, safunsa anadya phula: onani kumene aloza maeriyo a anansi amene kanema wawo amaonetsa bwino, ndiponso ngati tindodo tawo tagona kapena taima, pakuti tanu tiyenera kufanana ndi ta pa mlongoti woulutsa. Mmodzi atembenuze nsungwi, wina ayang'ane mzere wa ubwino pa kanema. Tembenuzani pang'ono, imani, werengani mpaka 5, chifukwa dikoda imachedwa kuyankha. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chenjezo

Palibe mpira kapena sewero limene liposa moyo. Musaimike nsungwi kapena paipi pamene ingagwere mawaya a magetsi. Mtunda wochokera pa mawayawo upose kawiri utali wa mtengo wanu. Musakwere pa malata onyowa, ndipo musagwire ntchitoyi muli nokha kapena makolo asakudziwa. Eriyo ndi chitsulo choima pamwamba, ndipo mphezi imakonda zotere. Paipi yachitsulo ilumikizidwe ndi waya wonenepa ku ndodo yokhomeredwa pansi. Mitambo ikayamba kuda pa phiri, zulani chingwe cha eriyo ndi cha magetsi mabingu asanayambe, ndipo akayamba musazikhudzenso.

Pomaliza, anzanga, ndikupemphani kuti nthawi ya tchuthi ino mutenge rula mukayeze eriyo ya kwanu, mulembe utali wa tindodo, mipata yake, kumene yaloza ndi zimene dikoda ikusonyeza. Tikatsegulira tidzaika miyeso yonseyo mu kompyuta, ndipo zimene mwapeza tidzazilemba pa mapu a tauni yathu, dera ndi dera. Mutu umodzi susenza denga. Koma tikasonkha aliyense kake, tidzakhala ndi mapu osonyeza pamene phiri limatchinga ndi pamene limabweza, ndipo makolo athu asanatulutse ndalama adzayamba afunsa ife.

Wophunzira wa Fomu 4